Milamba m'dziwe la Yen Kun-shan

Yen Kun-shan anakulira kumbuyo kwa mphika wa milamba. Amayi ake ankagulitsa msuzi wa milamba wophika ndi mizu yamankhwala pamsika wamadzulo, pafupi ndi mlatho wa njanji, ndipo nyengo yozizira anthu ankachita kuima pamzere. Bambo ake anamwalira iye ali kumsana. Ntchito yopha nsomba inali ya amayiwo: kugwira mlamba ndi chiguduli, kuumenya kamodzi pamutu, n'kuutumbula usanaleke kuphupha. Mlongo wake wamkulu, Pi-hsia, ankatsuka mbale atayang'ana kumbali. Kun-shan sankathandiza zenizeni. Mpata ukangopezeka ankathawira kuminda ya mpunga imene inazungulira mzinda masiku amenewo, kukasaka tinsomba ta sam-pan m'ngalande.

Sam-pan ndi kansomba kotalika ngati chala, ka mizere yofiira ndi yobiriwira. Kamphongo kake kamamanga chisa cha thovu pamwamba pa madzi n'kumalondera mazira mwaukali ngati tambala. Kale pa Taiwan mwana aliyense anakasungapo m'botolo. Koma minda inasanduka nyumba zosanja, ngalande zinaphimbidwa ndi simenti, ndipo pamene imvi zinkayamba kumutuluka Kun-shan, mumzinda monse munatsala dziwe limodzi lokha lokhala ndi tinsombato. Linali laling'ono, lopanikizika pakati pa nyumba zosanja ndi msika wa ndiwo zamasamba.

Sukulu anaiphunzira mpaka pomwe imathera, za zamoyo za m'madzi, koma mpando wokhazikika pa yunivesite sanaupeze. Ankaphunzitsa uku ndi uku, akuthamanga panjinga yamoto yokalamba, nsapato zajombo zili zomangirira kumbuyo. Ena amati chinamutsekera njira ndi pakamwa pake, ndipo sananame. Anali wosachedwa kupsa mtima. Munthu akalakwitsa pamsonkhano ankamudzudzula pomwepo, ngakhale akhale mwini msonkhano. Sanakwatire, ndipo palibe anadabwa nazo.

Zaka zambiri ankadula kachidutswa ka chipsepse cha kansomba aka ndi ako n'kukapima, mpaka anaonetsa kuti tinsomba ta m'dziwelo sitinali togula kusitolo ayi, tinali mbewu yakalekale ya chigwa chomwecho. Zimene analembazo anawerenga ndi anthu ochepa, komabe zinakwanira kuimitsa akuluakulu a mzinda amene ankafuna kukwirira dziwelo kuti pakhale poimika magalimoto. Anapangana chinthu chimodzi. Chaka chilichonse kukayamba kutentha akuluakuluwo adzabwera kudzaona. Akapeza zisa za thovu, dziwe likhala. Akapanda kuzipeza, lipita. Anamumangira mpanda wawaya, chipata cha loko ndi chikwangwani choletsa kuwedza. Kiyi mmodzi Kun-shan ankayenda naye m'thumba. Wina anakamupachika pamsomali kunyumba kwa amayi ake, poti ankadziwa kuti iye ndi munthu wotayataya zinthu.

Amayiwo atadwala chiwindi, Pi-hsia, amene mwamuna wake anali atamwalira, anabwerera kudzakhala nawo. Iye ndiye ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwamwetsa phala. Kun-shan ankabwera Lamlungu ndi zipatso m'manja, kukhala pang'ono, n'kuyamba kusuzumira wotchi.

Pi-hsia anali atalowa gulu la opembedza amene amagula zamoyo zoyembekezera mpeni n'kukazimasula, kuti chifundo chimenecho chibwerere kwa wodwala wawo. Mwambowu ndi wakale. Ansembe a kukachisi wapafupi anali atayamba kale kuuza anthu kuti auleke, poti zomasulidwazo zimakafa kapena kukapha zinzake, koma gulu lake silinamve. Pi-hsia ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti milamba yonse imene inafera pathabwa la amayi ake ndiyo inabwera kudzaluma chiwindi chawo.

Lamlungu lina akusenda mapeyala kukhitchini, Pi-hsia anafunsa ngati wongocheza.

"Kudziwe kwako kuja anthu sawedza ndithu?"

"Ayerekeze!" anatero Kun-shan. "Woponya mbedza pamenepo ndimuthyola dzanja."

"Nanga madzi ake ndi abwino?"

"Kuposa a pampopi wanuwu, achemwali."

Kun-shan anachoka ali wokondwa tsiku limenelo. Aka kanali koyamba kuti munthu wa m'banja mwake afunse za dziwe.

Sabata isanathe, m'mawa wina anatsegula chipata n'kuima chilili. Madzi amene ankaonetsa pansi anali mbuu. Zisa za thovu zimene anazisiya m'mbali mwa udzu zinali zitaphwasuka, thovu lili balala. Pagombe panali timitengo ta lubani topserera, maluwa achikasu ofota, ndi mikwasa ya migolo imene anthu anaikoka pamatope. Akuyang'ana choncho, pakati pa dziwe panatumphuka mutu wakuda wophwatalala, ndevu zili nyang'anyang'a. Unameza mpweya n'kumira. Wina unatumphuka kuseri kwake, wina patsogolo.

Anagwira loko. Sanali wothyoka.

Masitepe a kunyumba kwa amayi ake anawakwera jombo zili kuphazi.

"Achemwali! Kiyi wanga ali kuti?"

"Tsitsa mawu, amayi angogona kumene," anatero Pi-hsia osatembenuka pasinki. "Ali pamsomali pomwe unamusiya. Ukuyesa wamera miyendo? Ndipo vula zimatope zakozo."

Kun-shan anagwira chingwe cha kiyiyo. Chinali chonyowa, chikununkha nsomba.

"Mwathiramo milamba yochuluka bwanji?"

"Yonse imene tinaipeza pamsika."

"Mukudziwa chimene mlamba umadya?"

"Umadya chimene wapeza, ngati iweyo ukabwera kuno."

"Ndikufunsa zoona! Kumtsinje kulibe madzi? Kunyanja kwauma?"

"Kumtsinje anthu amadikirira kumunsi ndi maukonde. Timamasula m'mawa, madzulo nsomba zomwezo zili pamsika. Pako pali mpanda, palibe wowedza. Unanena wekha pampando uwo."

"Mpanda umenewo ndinaulirira zaka zingati? Ndimamangira inu khola la zilombo zanu? Mwatenga afisi mwawatsekera m'khola la anapiye, mukuti mwachita chifundo! Chifundo chake chiti? Amene akumezedwa pano tikulankhula muja alibe moyo? Kapena moyo umayamba kuwerengedwa ukagulidwa pamsika?"

Pi-hsia anaika mbale pansi n'kutembenuka. Maso ake anali ofiira ndi tulo tosagona.

"Usandikalipire m'nyumba muno, wamva? Iwe umadziwa dzina la kansomba kalikonse. Dzina la mankhwala amene amayi amamwa m'mawa ukulidziwa? Thewera unawasinthapo? Ukabwera ndi mapeyala ako ukuona ngati wagwira ntchito. Madokotala anena kuti palibenso chochita. Ine ndapeza chochita. Iwe wapeza chiyani?"

Mawu amenewa anangowonjezera moto mwa Kun-shan. Anazula kiyi pamodzi ndi msomali womwe n'kutuluka.

Chochita ankachidziwa, ndi chimene oweta nsomba amachita dziwe likalowa adani. Umapopa madzi onse, kuwola zofunika n'kuziika padera, kenako kuthira laimu pamatope. Mlamba madzi akaphwa suthawa, umadzikwirira m'thope n'kudikira, ndipo ukonde kapena dzanja sizingautulutse wonse. Laimu yekha ndiye amaupeza kumene wabisala. Ukatero umadikira matope apole, kubwezera madzi, n'kubwezera tinsomba. Nthawi inalipo yokwanira kuti tinsombato timangenso zisa akuluakulu aja asanabwere, koma inali yoperewera mbali ina: mvula ya mwezi wa Meyi inali pakhomo, ndipo laimu safuna dziwe lodzaza.

Anabwereka pampu ndi kagalimoto kwa mnzake woweta nsomba, nagula matumba a laimu n'kuwaunjika pagombe. Pampu inalira usana wonse, mawa lakenso chimodzimodzi. Iye anali m'matope ofika m'maondo, akuwola tinsomba ndi kaukonde ka m'manja. Tamoyo tinali tochepa moti tinakwana m'mabeseni awiri ochapira. Tina tinali toduka michira. Milamba imene inagwidwa ankaiponya m'migolo mosayang'ana n'komwe. Amayi ogulitsa masamba anadzaza kumpanda.

"Aphunzitsi, tigawireniko ndiwo!"

"Sukulu yonse ija mapeto ake n'kusambira m'thope?"

"Musiyeni, wabwerera ntchito ya amake!"

Iye anangopitiriza kuwola. Dzuwa litapendeka pansi pa dziwe panaoneka, thope lokhalokha lonyezimira, apa ndi apo likugwedezeka lokha. Kumwera kunali kutayamba kuda. Anatuluka kuti amasule thumba loyamba, n'kupeza Pi-hsia atakhala pamwamba pa matumbawo, atavala zotuwa za gulu lake, mikanda yopempherera ili m'manja.

"Dzukani, achemwali."

"Sindidzuka."

"Amayi mwasiya ndi yani?"

"Lero wawakumbuka? Ali ndi aneba. Kun-shan, zimene zili m'matumbamu ndazifunsa. Zimawotcha zamoyo."

"N'chifukwa chake ndagula."

"Milamba imeneyi ndinaiwombola m'dzina la amayi. Dzina lawo linatchulidwa pamadzi awa. Ukaiwotcha, wawotcha pa dzina lawo."

"Zimenezo kauzeni anzanu aja. Chiwindi cha munthu sichimva za m'dziwe."

"Chabwino, iwe ndiwe wophunzira. Thira. Koma amayi akatisiya sabata inoyi, udzandiyang'ana bwanji? Usiku udzagona?" Anafumbata mikanda ija mwamphamvu. "Sindikuti usathire mpaka kalekale. Ndipatse mpaka mawa. Anzanga abwera m'mamawa, tifukula ndi manja yonse imene tingathe. Yotsalayo udzachite nayo zimene ukufuna. Mpaka mawa pokha, mlongo wanga."

Kun-shan anayang'ana kumwamba. Anayang'ana thope. Mpeni wodulira thumba unali m'dzanja, ndipo kumunyamula Pi-hsia pamatumbapo sikukanamuvuta, poti anali atatha thupi. Zimene mlongo wakeyo ankanena sankazikhulupirira ngakhale pang'ono. Zimenezi wakhala akubwereza kwa aliyense womufunsa, mokweza mawu kuposa mmene funsolo likufunira. Komabe anapinda mpeni uja n'kuubweza m'thumba.

"Mpaka mawa," anatero. "Koma iyi ili m'migoloyi ndi yanu. Kwerani galimoto."

Mabeseni a sam-pan anakawasiya kwake. Migolo anaikweza yekha masitepe a kwa amayi ake, umodziumodzi, madzi akutayikira m'makwerero, aneba akusuzumira m'zitseko. Anakankha chitseko cha kubafa ndi phazi n'kukhuthulira zonse m'chosambiramo. Milamba inadzaza thothotho, ikuphiriphitha, ikumenya michira, thope likuthovukira pakhoma ndi pamatawulo.

"Wapenga kodi?" anakuwa Pi-hsia. "Amayi ndiziwasambitsira pati?"

"Munaipatsa moyo. Ipatseninso pogona."

Kuchipinda kunamveka kutsokomola, kenako mawu ofooka koma akuthwa.

"Phokoso limenelo ndikulidziwa. Ndani wabweretsa milamba m'nyumba mwanga? Bwerani kuno nonse awiri."

Analowa n'kuima kumiyendo kwa bedi ngati ana oswa mbale. Amayiwo anali atatsala mafupa okhaokha, maso achikasu. Pi-hsia anafotokoza akulira, Kun-shan akumudula pakamwa, mpaka nkhani yonse inatuluka. Amayi anamvetsera atatsinzina.

"Pi-hsia," anatero potsiriza, "ndiwe chitsiru kuyambira uli mwana. Milamba imeneyo ndiyo inakuveka nsapato. Ndiyo inamutumiza uyu kusukulu imene akutinyaditsa nayoyi. Ngati ili ndi mlandu ndi ine, ndikakambirana nayo ndekha kumene ndikupitako, sindinakutume. Unandifunsa?"

"Ndimafuna muchire, amayi."

"Ndikudziwa. Pukuta mamina." Anatembenuzira mutu kwa Kun-shan pang'onopang'ono. "Nawenso chitsiru chinzake. Dziwe lauma, laimu ali pomwepo, iwe wabwera kudzachita masewero m'bafa mwanga? Ngati wapeza nthawi yokwera masitepe ndi migolo, ukanakhala nayo yobwera Lachitatu kudzamupumitsa mnzakoyu. Pita kathire. Ndipo iwe Pi-hsia, sankha mlamba wonenepa umodzi undiphikire. Pakamwa panga pakhala powawa mwezi wonse."

Pi-hsia anagwira pakamwa. Kun-shan anali atafika kale pakhomo pamene anamva kulira kwa malata a pakhonde. Dontho limodzi, lina, kenako chiwawa.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Njinga yamoto anaisiya, anathamangitsa kagalimoto kaja m'misewu yosanduka mitsinje, koma pofika anapeza ngalande zonse za nyumba zosanja zikukhuthulira m'dziwe. Thope linali litamira kale. Pagombe matumba a laimu anali ataphulika, akufuka nthunzi mumvula ngati mphika wowira. Anayesa kudzutsa pampu. Inalira, koma madzi olowa ankaposa otuluka. Anaima pamenepo atanyowa thupi lonse, akutukwana mvula, mlongo wake, gulu lake, wogulitsa milamba, ndi dzanja lake limene linapinda mpeni. Amayi a masamba aja anali atabisala pansi pa malona awo, ndipo ulendo uno palibe anamuseka.

Anzake a Pi-hsia sanabwere m'mawa mwake. Panalibenso chofukula. Mvula inagwa masabata, ikaleka m'mawa n'kuyambiranso masana, ndipo dziwe silinaphwenso. Kun-shan anatchera misampha n'kugwira milamba ingapo, koma ankadziwa kuti ina ilimo. Nthawi ya akuluakulu aja itayandikira anakhala pansi pakati pa mabeseni ake awiri kwa nthawi yaitali. Akapanda kubwezera tinsomba, zisa sizipezeka. Akabwezera, akudyetsa milamba. Anatenga beseni limodzi n'kukalikhuthulira kumbali ya udzu wothithikana, linalo analisunga.

Kamphongo kamodzi kanamanga chisa. Anachiona madzulo. M'mawa panali thovu lobalalika.

Akuluakulu a mzinda anabwera atatu, aulemu, maambulera ali m'manja. Anazungulira dziwe mwakachetechete, anasuzumira m'udzu monse mmene iye anawalozera. Kenako Kun-shan anawatengera kugalimoto n'kuvundukula beseni. M'menemo munali zisa ziwiri zoyera bwino.

"N'zokongola, aphunzitsi," anatero wamkulu wawo. "Koma pangano lija linanena za dziwe, silinanene za beseni."

"Ndipatseni chaka chimodzi! Kukauma ndithira laimu, chaka chamawa mudzapeza zisa mbali zonse."

"Anthu a nyumba izi akhala akudikira poimika magalimoto kuyambira kale. Nawonso tinawalonjeza."

Zimene anawayankha sizoyenera kulembedwa. Iwo anawerama mwaulemu n'kumapita, ndipo kusukulu imodzi mwa zimene ankaphunzitsako sanamuitanenso. Chaka chisanathe magalimoto a dothi anabwera. Milamba yotsala ija, imene anaisiyira moyo tsiku lija, inakwiriridwa momwemo pansi pa phula.

Amayi anamwalira kutayamba kuzizira. Msuzi uja sanaulawe, poti Pi-hsia analephera kugwira mpeni ndipo Kun-shan sanafunsidwe. Miyezi yomalizayo iye ankabwera Lachitatu ndi Loweruka, n'kuphunzira kusintha thewera. Ankagwira ntchitoyo bwino ndithu, koma ndi mlongo wake ankangolankhulana za mankhwala ndi maola.

Lero Kun-shan amakhala m'chipinda chapamwamba penipeni pa nyumba ina yakale, ndipo padenga pake pali mabeseni ndi mitsuko mizeremizere, yophimba ndi ukonde kuopa mbalame. Tinsomba tija timaswana. Amayendera masukulu ndi mapaki kufunsa ngati alipo angamupatse kadziwe. Ena amamulandira bwino mpaka atayamba kuwauza zimene akulakwitsa. Pamsika wa masamba uja sapitako. Akafuna kudutsa dera limenelo amazungulira njira yakutali.

Milamba ya m'bafa ija Pi-hsia sangaiphe, ndipo kukaimasula kwina akuopa. Anagula thanki yaikulu n'kuiika pakhonde, ndipo m'mawa uliwonse amaidyetsa. Yanenepa ngati ntchafu za munthu. Gulu lija analisiya, koma sananenepo kuti analakwa, ndipo Kun-shan sanaleke kudikira mawu amenewo.

Amakumana kamodzi pachaka, tsiku losesa kumanda. Chaka chino atazula udzu ndi kuyatsa lubani, anakhala pamwala akudya zimene anabweretsa, aliyense akuyang'ana kwake.

"Tako tija tikuswana?" anafunsa Pi-hsia.

"Tikuswana. M'beseni."

"Yanga ikudya kwambiri. Thanki yachepa, ikulumana. Kodi milamba imakhala zaka zingati?"

Kun-shan anamaliza kutafuna, napukuta zala pabuluku.

"Zambiri, achemwali," anatero. "Muziidyetsa bwino."